Mmene mungakonzere ulendo wokaonera kanema nyengo ya Khisimisi osalira mu Januwale

Disembala ikafika pakati aliyense amakhala ndi pulani yotulukako, ena kunyanja ku Salima kapena ku Mangochi, ena kumudzi kukaona makolo, koma ambirife timakhala konkuno mtauni chifukwa mthumba simukulola. Ndiye ana atsekera sukulu ali pakhomo tsiku lonse, alendo abwera, achimwene a ku Joni afika ndi zikwama zawo, funso nkumakhala loti anthu onsewa tiwatengere kuti. Ine ndimati kanema basi. Ndi ulendo wa tsiku limodzi, olo mvula igwe muli pansi pa denga, ndipo mukaukonza bwino siwupweteka mthumba. Koma ukonzedwe, osati kungodzuka mmawa pa 25 nkumati tiyeni tiyeni.

Yambani ndi ndalama, zina zonse pambuyo

Malipiro a Disembala mmakampani ambiri amabwera msanga Khisimisi isanafike, kwina banki mkhonde yagawa, ena bonasi yalowa, ndiye munthu umadziona ngati bwana. Koma ndalama yomweyo ndi imene ikuyenera kukufikitsani kumapeto kwa Januwale, pafupifupi masabata asanu kapena kuposa apo. Ndiye musanaganize za tikiti khalani pansi ndi pepala muchotse kaye lendi, fizi ya teremu yachiwiri poti sukulu zimatsegulira kumayambiriro kwa Januwale, mayunitsi a magetsi, madzi, feteleza wobereketsa ngati muli ndi kamunda kwinakwake, komanso thumba la chimanga chifukwa mukudziwa kale kuti kuchokera pano mpaka anthu ayambe kukolola cha mu Epulo mtengo wake umangokwera. Zimene zatsala pamenepo ndiye za kanema. Zikatsala zochepa musadandaule, kanema alipo wa thumba lililonse, tifika pamenepo.

Ndalama ya ulendoyo muiwerenge yonse, osati tikiti yokha. Anthu ambiri amalakwitsa pomwepa. Thiransipoti popita ndi pobwera kuchulukitsa ndi mitu ya anthu, zakumwa, popukoni amene mwana akangomuona basi nkhani yavuta, kenako kandalama kapadera koti mvula ikakutsekerezani mukwere takisi kapena kabaza. Kapaderako musakakhudze mpaka mutafika pakhomo. Ndipo chichitikireni zija kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo siikhazikika, ndiye musayendere mtengo umene mnzanu analipira chaka chatha, funsani wa sabata yomweyo.

Kenako sankhani kanema wake uti

Kwathu kuno tikati kanema timanena zinthu zitatu zosiyana. Pali kanema wa mtauni, uja wa chisikilini chachikulu, mipando yofewa, mdima wa bii, mawu akumveka mbali zonse. Malo oterewa ndi ochepa kwambiri, mumizinda ikuluikulu basi, ndipo amatha kutsegula lero nkudzatseka chaka chamawa, ndiye musananyamule banja lonse onani kaye tsamba lawo pa Facebook kapena imbani foni mumve ngati akugwira ntchito, akuonetsa chani, nthawi yanji, tikiti ndi zingati kwa wamkulu ndi kwa mwana. Abale a ku Joni azikuuzani za Ster-Kinekor ndi Nu Metro, nyumba za kanema zimene zili mmamolo ambiri kumeneko, muziwamvera koma musayembekezere kuti kuno mukapeza mafilimu khumi oti musankhepo. Mukapeza awiri atatu, sankhani pomwepo.

Pali vidiyo sho ya kwathu ku Ndirande, ku Bangwe, kwa Chinsapo, ku Kawale, pa tiledingi senta iliyonse mpaka kumudzi. Simungaisowe, chisipika chili padenga chikukuwa mpaka kumsika, pakhomo pali bolodi lakuda lolembedwa ndi choko mafilimu a tsikulo ndi nthawi zake, chitseko ndi nsalu yokhuthala, mkati mabenchi a matabwa ndi TV kutsogolo itakwezedwa pashelefu. Mnyamata wapakhomo ali ndi ndalama zopindidwa pakati pa zala, ukamupatsa amangokweza nsalu ija iwe nkulowa. Mafilimu ambiri mmenemu ndi omasuliridwa mChichewa, ndipo womasulirayo samangomasulira, amawonjezera zake, msilikali wa ku China nkumadandaula za ndiwo, anthu nkumaseka mpaka misozi. Kunena zoona pa chisangalalo chokha vidiyo sho sigonja, vuto lake ndi kutentha, fungo la thukuta, komanso kuti si filimu iliyonse yoyenera mwana.

Chachitatu ndi kanema wapakhomo, mumukonza nokha pabalaza kapena pakhonde. Uyu ndimusiya kumapeto chifukwa ali ndi makonzedwe ake.

Ngati muli ndi ana ang'ono ndipo ndalama ilipo, apititseni wa mtauni olo kamodzi pachaka, amakakamba kusukulu teremu yonse. Ngati ndinu achinyamata okhaokha ndipo mukufuna mpira, vidiyo sho. Ngati banja ndi lalikulu, anthu khumi kuphatikiza agogo, musavutike, wapakhomo.

Tsiku ndi nthawi

Apa ndichedwepo pang'ono chifukwa ulendo umakoma kapena kuipa kutengera tsiku. Pa 25 penipeni ine sindilimbikitsa. Mmawa muli kutchalitchi, mukabwerako mpunga ndi nkhuku zikudikira, kudya kumatha cha mma 2 koloko, ndiye muyambe kusambitsa ana, kusaka nsapato, kudikira minibasi imene tsiku limenelo zimakhala zochepa pamsewu ndipo kondakitala amatchula mtengo umene wamukomera. Mukafika mtauni anthu ali pikitipikiti, aliyense wavala zatsopano akufuna kujambulitsa, mzere wa tikiti wautali. Pa 26 ndi holidenso, anthu amakhalabe ambiri, komanso ndi tsiku la mpira, ligi ya ku England imasewera nyengo imeneyi osapuma, ndiye mavidiyo sho ambiri amaimitsa mafilimu nkuika mpira. Okonda mpira kumbukirani kuti mu Disembala ife tili patsogolo ndi maola awiri, gemu yoyamba 3 koloko masana ku England kuno ndi 5 koloko madzulo, ya 8 koloko usiku kuno ndi 10 koloko, imeneyo itha pakati pausiku ndiye ganizirani za pobwerera musanalowe.

Masiku abwino ndi apakati aja, 27 mpaka 30. Anthu ena abwerera kuntchito, ena ndalama zawathera kale, mtauni mumapepuka, minibasi zabwerera pamtengo wake. Ngati inuyo muli pa holide gwiritsani ntchito masiku amenewa. Pa 31 ayi ndithu, makamaka ndi ana. Madzulo ake ena akuthamangira kumapemphero a usiku wonse, ena kumowa, makombola akuphulika paliponse, oyendetsa magalimoto ena alawa kale. Tsiku limenelo dzuwa likamalowa mukhale muli pakhomo kapena pamalo pamene mugone pomwepo. Ndipo ngati zonse zakanika, pa 15 Januwale pali holide ya Chilembwe, kanema sathawa, kungoti nthawi imeneyo mthumba mumakhala mutauma.

Nthawi yake sankhani filimu ya masana, yoyamba cha mma 11 kapena 12 koloko. Mvula ya Disembala imakonda kugwa dzuwa likapendeka, kumacha bwinobwino kuli ngwee, pofika 3 koloko kwada bii. Mukalowa ya masana mumatuluka kukadali kowala, olo mvula ikutsekerezeni ola limodzi mumafikabe kunyumba kusanade. Filimu zambiri zimatenga maola awiri, za ku India zimatha kufika atatu, ndiye werengerani.

Musanatuluke pakhomo

Izi ndi zija zimaoneka zazing'ono koma ndi zimene zimakupangitsani kukhala mu kanema mtima uli kunyumba. Zovala zimene mwayanika anulani olo zisanaumitsitse, mukazisiya pachingwe mudzazipeza zanyowa kuposa mmene munazichapira. Makala lowetsani mnyumba. Tungirani madzi mmabigili, mipope nyengo ino imatha kuuma kapena kutulutsa madzi amatope mvula ikagwa yambiri. Ndiwo za madzulo phikiranitu mmawa, nyemba kapena nkhuku yotsala ija, kuti pobwera mungotenthetsa nkuphika nsima, palibe amene amafuna kuyamba kusosola nkhuku 7 koloko usiku magetsi atazima. Zamagetsi zonse zulani kusoketi chifukwa cha ziphaliwali.

Nyumba musaisiye yopanda diso. Akuba amadziwa kuti nyengo ino anthu amachoka, ndiye uzani aneba amene mumagwirizana nawo kuti tatulukako tibwera madzulo, ndipo musalengeze pa sitetasi kuti banja lonse tili mtauni pomwe aliyense akudziwa pamene mumakhala. Zithunzizo mudzaponya mukabwerako, sizivunda.

Idyani musananyamuke. Ndikubwereza, idyani nsima kapena mpunga wokhuta musananyamuke, makamaka ana. Mwana wanjala mtauni amaloza chilichonse, ndipo zakudya za pamalo a kanema mtengo wake ndi wina. Kumalo ena salola kulowa ndi chakudya chochokera kunja, ndiye musadzaze chikwama ndi mandasi nkukachita manyazi pakhomo, funsiranitu pamene mukuimba foni paja. Botolo la madzi akumwa ochokera kunyumba nyamulani. Za mmbali mwa msewu samalani nazo nyengo ya mvula ino, tonse tikukumbuka kolera ya 2022 mpaka 2023 imene inapha anthu oposa 1,700 mpaka sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre kuchedwa kutsegulira mu Januwale. Tchipisi cha pachiwaya chotentha chochoka pamoto pomwepo bola, koma saladi wake uja, mafilizesi osadziwika madzi ake, mango osatsuka, ana asakhudze.

Mchikwama muikemo ambulera, kajuzi ka mwana aliyense chifukwa mu kanema wa mtauni mumazizira ndi makina aja olo kunja kukutentha, chitenje chimodzi chimene chimagwira ntchito zambirimbiri, tishu, ndi ndalama zing'onozing'ono. Ma K200, ma K500, ma K1000. Mukapatsa kondakitala K5000 mmawa adzakuuzani kuti chenji pompano, nkumakuzungulitsani mpaka posikira, mwinanso nkukumangirirani chenji chimodzi ndi munthu wina amene simukumudziwa kuti mukagawane nokha. Mwana aliyense mulembereni nambala yanu ya foni pakapepala muike mthumba mwake, ndipo amene wakulako aiwerenge pamtima kawiri musanatseke chitseko.

Pamsewu

Nyamukani ola limodzi kapena kuposa nthawi isanakwane, chifukwa minibasi siichoka pasiteji isanadzaze, ndipo masiku amafuta osowa zimakhala zochepa. Mtengo funsani musanakwere, mugwirizanenso za ana ngati akhala pamiyendo kapena alipira mpando. Kabaza wa njinga yamoto ndi wachangu inde koma musakwezepo ana awiri atatu ndi inu nomwe pamsewu woterera, ndipo mukaona kuti woyendetsayo maso afiira kapena akununkha kachasu musiyeni apite, wina abwera. Amene muli ndi galimoto, woyendetsa asamwe, apolisi nyengo ino amachuluka pamsewu ndipo amachita bwino kutero.

Foni ndi kachikwama ka ndalama zikhale kutsogolo, osati thumba lakumbuyo. Podutsa mu depoti ndi pamzere wa tikiti ndi pamene opisa mthumba amagwirira ntchito, wina amakugunda ngati mwangozi mnzake watenga kale. Komanso nyengo ino mauthenga aja amachuluka, oti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, kapena wina kuimba kuti ndatumiza ndalama molakwitsa pa Airtel Money kapena Mpamba yanu mundibwezere. Onani kaye balansi nokha, ndipo pini yanu musauze munthu olo atanena kuti akuimba kuchokera ku ofesi.

Mukafika

Gulani tikiti kaye, zina pambuyo. Funsani kuti filimuyo ndi ya zaka zingati, pachithunzi chake pamalembedwa, ngati palembedwa 16 kapena 18 ndiye kuti si ya ana, musakakamire poti mwalipira kale thiransipoti. Palibe chochititsa manyazi ngati kukhala pakati pa mwana wanu ndi apongozi pamene pasikilini payamba zosayenera. Ngati amalola kusankha mipando tengani yapakati chakumbuyo, kutsogolo kwenikweni khosi limapweteka, ndipo amene muli ndi mwana wamng'ono khalani kumapeto kwa mzere kuti akafuna kutuluka musaponde anthu. Onse apite kuchimbudzi filimu isanayambe, olo anene kuti sakumva kanthu. Popukoni gulani wamkulu mmodzi mugawane, zimatchipa kusiyana ndi aliyense kake.

Mkati foni ikhale chete ndipo isatuluke mthumba, kuwala kwake mumdima kumasokoneza mzere wonse wakumbuyo. Kujambula filimu ndi foni ndi koletsedwa, akhoza kukutulutsani. Ndipo inu amene munaionera kale, chonde, musamauze anzanu kuti uyu afa pompano. Mwana amene akulowa koyamba muuzeni pasadakhale kuti magetsi azimitsa ndipo mawu akhala okwera, ena amalira mdima ukangogwa, mukamugwira dzanja mphindi zoyambazo amazolowera.

Ku vidiyo sho malamulo ndi ena. Kumeneko kuyankhula ndi gawo la kanema, anthu amakuwiza, amalangiza wosewera kuti thawa iwe, chigoli chikalowa benchi yonse imanyamuka. Musakakwiye nazo. Chofunika ndi kufunsa musanalipire ngati ali ndi jenereta kapena sola, komanso ngati magetsi akazima amabweza ndalama kapena amakupatsani mwayi wodzaonera ina, chifukwa mukafunsa magetsi atazima kale yankho lake simulikonda. Khalani pafupi ndi khomo kumene kukubwera kamphepo, nsapato zikhale kuphazi, foni mmanja mwanu muigwiritse. Ana apite masana okha ndipo pakhale wamkulu kapena mkulu wawo wodalirika, muone pabolodi chimene chikuonetsedwa, ndipo muwauze nthawi yobwerera. Usiku mavidiyo sho ena amaika zinthu zoti mwana sayenera kuona, izi musachite ngati simukuzidziwa.

Tsopano wapakhomo uja

Uyu ndi amene amapulumutsa mabanja ambiri, ndipo mukamukonza mwaulemu ana samaona kusiyana kwenikweni. Chinsinsi chake ndi kumupanga kukhala mwambo, osati kungoyatsa TV ngati masiku onse. Lengezani kukadali masiku awiri kuti Lachisanu 6 koloko kuli kanema, ana adule timapepala alembe matikiti, mmodzi akhale wapakhomo wolandira. Mafilimu akonzekeretu dzulo lake, kaya mudawuniloda usiku ndi bando yotchipa ija, kaya muli nawo pa fulashi, muwayese kaye ngati akutseguka ndipo muwathamangitse pang'ono muone ngati mulibe zolaula, chifukwa dzina la filimu pa fulashi limatha kunama. Ikanipo imodzi ya kwathu konkuno, pa YouTube alipo ambiri a Chichewa amene agogo angatsatire osafunsa kuti akuti chani mphindi iliyonse.

Laputopu, foni, sipika ndi pawabanki zonse zitchajidwe masana magetsi akadalipo. Ngati muli ndi mnzanu wa pulojekita mubwerekeni, nsalu yoyera ya pabedi pakhoma yakwana. Chimanga chophulitsa popukoni chimagulitsidwa mmisika ndi mmagolosale, kapu imodzi mupoto wa mafuta pang'ono ndi chivundikiro imadzaza beseni, onjezerani mtedza wokazinga, Sobo wosungunula mujagi kapena thobwa, basi. Yalani mphasa ana pansi, akuluakulu pamipando. Ngati mwakhala pakhonde kumbukirani kuti ino ndi nyengo ya udzudzu, yatsani koyilo, ana avale zamanja aatali, ndipo akayamba kusinza anyamuleni akagone muneti, malungo a mu Januwale amadya ndalama kuposa tikiti iliyonse.

Dziwaninso kuti ana a aneba abwera, simungawaletse, akangomva sipika mudzangoona timitu pawindo. Phulitsani chimanga chochulukirapo, koma auzeni makolo awo nthawi imene filimu ithe kuti adzawatenge, musatulutse mwana wa eni yekha mumdima.

Pobwerera

Kwa amene munapita mtauni, filimu ikangotha musayambe kuzungulira mmashopu, pamenepo ndi pamene kandalama kapadera kaja kamathera pa zidole ndi ayisikilimu. Jambulitsani zithunzi ziwiri zitatu panja, werengani ana, lunjikani kusiteji. Mukapeza mvula ikugwa dikirani pakhonde ikate, musathamangire kabaza, ndipo amene mumadutsa pa timilatho ta mmakwalala kapena kuwoloka mtsinje ngati Mudi, Nasolo kapena Lingadzi, madzi akadzaza musayerekeze kuwoloka ndi mwana kumsana, zungulirani njira yaitali olo ikhale yolipira kawiri. Mitengo ya minibasi ikakwera chifukwa cha mvula ndi pamene mutulutse kapadera kaja. Mukatsika imbirani aneba kuti tafika, ndipo ngati kwada kale yatsani tochi ya pafoni pokhapokha pamene pali matope, kwinako foni ibwerere mthumba mpaka mutalowa mumpanda.